Phokoso ndi Mfuu

M'Cingerezi muli liu lakuti "racket". Munthu atafunsa tanthauzo lace kwa Angerezi atatu, angathe kulandira mayankho atatu osiyana. Woyamba adzati ndilo phokoso lalikulu losowetsa mtendere, longa la ana oomba zitini pabwalo, kapena la galimoto yoonongeka. Waciwiri adzati ndiyo nchito yacinyengo imene gulu la anthu oipa limapezera ndalama poopseza kapena popusitsa anzao. Wacitatu adzati ndico cipangizo comenyera mpira pa masewera a tenisi. Onse atatu adzakhala atanena zoona.

Tanthauzo lacitatulo liyenera kuikidwa pambali, pakuti liu lace ndi la fuko lina. Linacokera ku liu la Cifalansa lakuti "raquette", ndipo kufanana kwace ndi linzaceli kuli konga kwa anthu awiri a dzina limodzi amene sali pacibale. Matanthauzo awiri oyambawo ndiwo opatsa maganizo. Phokoso limamveka kwa onse, pamene cinyengo cimakonda mdima ndi manong'onong'o. Nanga zinatheka bwanji kuti liu limodzi lisenze zonse ziwiri? Funsoli lioneka ngati la aphunzitsi a cinenero okha, koma m'kati mwace muli funso lina lokhudza munthu ali yense wokhala pakati pa anzace: kodi coipa cikamacitika, wolungama ndi uti, wofuula kapena wokhala cete?

Ulendo wa liuli

Tanthauzo la phokoso ndilo lakale. Lipezeka m'zolembedwa za ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ndipo odziwa za cinenero amaganiza kuti liulo linapangidwa potsanzira kulira kwa zinthu zogundana, monga Cinyanja cimanenera kuti gobede-gobede. Kufikira lero mai wa ku London amene ana ace amsokosera amawauza kuti aleke "racket", ndipo palibe mwana woganiza kuti amace amnenera umbala.

Tanthauzo la cinyengo linabadwira pakati pa mbala. Panali munthu dzina lace James Hardy Vaux, mbala ya ku England, amene m'moyo wace anatumizidwa katatu konse ku Australia kukagwira ukaidi. M'caka ca 1812, ali kuukaidiko, iye analemba mndandanda wa mau acinsinsi a mbala, kuti oweruza azitha kumva zimene akaidi anali kulankhula. Mndandandawo unasindikizidwa mu 1819 pamodzi ndi mbiri ya moyo wace. M'menemo analongosola kuti mitundu ina ya kuba ndi ya kunyenga inali kuchedwa "racket" pakati pao. Tero mbala iri yonse inali ndi "racket" yace, monga mmisiri ali yense ali ndi luso lace.

Njira imene liuli linayenda pocoka ku phokoso kufika ku umbala ena amaifotokoza motere. Opisa m'matumba a anzao sagwira nchito pamalo pa zii. Amafuna khamu, ndiponso amafuna kuti khamulo licite cidwi ndi kanthu kena. Cotero awiri a iwo amayamba ndeu yabodza pakati pa mseu. Anthu amathamangira komweko makosi ali tolotolo, ndipo wacitatu amayenda kumbuyo kwao nakolola zikwama ndi mawochi. Ena amakumbutsa za ku New York ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kumene magulu a anyamata acifwamba anali kukonza madansi aphokoso ochedwa "rackets", nakakamiza eni masitolo kugula matikiti, angakhale iwowo sanafune kubvina. Wokana kugula anali kudziwa yekha cimene cidzaonekera mazenera a sitolo yace. Mafotokozedwe awiriwa asiyana malo ndi nthawi, koma agwirizana pa mfundo imodzi, yakuti phokoso linali cobvala cimene umbala unabvala kuti usazindikirike.

Kumene liuli linachukira pa dziko lonse ndi ku Chicago. Kuyambira 1920 kufikira 1933 lamulo la ku America linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, ndipo magulu a acifwamba analemera pougulitsa mobisa. Atakhala ndi ndalama ndi mfuti, analowerera malonda enanso. Anali kufika kwa mwini nyumba yocapira zobvala, namuuza kuti azilipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti malonda ace achinjirizidwe. Koma zirombo zimene anati adzamchinjiriza kwa izo zinali iwo eni, ndipo wokana anali kuponyeredwa bomba usiku. Ca m'ma 1927 anthu otere anayamba kudziwika ndi dzina lakuti "racketeers", ndipo caka comweco sewero la Bartlett Cormack lochedwa The Racket linaonetsa m'mene acifwamba ndi atsogoleri ena a mzinda anali kudyera m'mbale imodzi. Mu 1970 liuli linalowa m'dzina la lamulo lalikulu la ku America lolanga magulu otere, lodziwika mwacidule kuti RICO.

Umbala wodalira otseka pakamwa

Apa pali cinthu codabwitsa. Liu limene linayamba ndi tanthauzo la phokoso linafika pochula mtundu wa umbala umene sungakhalitse ngati anthu sakhala cete. Bomba limalira kamodzi. Pambuyo pace nchito yonse imagwiridwa ndi mantha. Mwini sitolo amalipira osauza mnansi wace, mnansiyo nayenso amalipira osauza wina, ndipo mseu wonse umasunga cinsinsi cimodzi cimene ali yense acidziwa koma palibe wocichula. Pa 14 February 1929 amuna 7 anaomberedwa pamodzi m'garaja ku Chicago dzuwa litakwera, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene bwalo la milandu linamtsutsa pa mlanduwo. Al Capone, mkulu wa acifwamba a mumzindamo, anaweruzidwa mu 1931 kukhala m'ndende zaka 11, ndipo mlandu umene unamgwetsa unali wosakhoma msonkho. Mabuku a ndalama anacita umboni umene anthu ambiri anaopa kucita pa milandu ya mwazi.

Citsanzo coonekera bwino koposa ciri ku Sicily, cisumbu ca dziko la Italy. Anthu a ku Italy anabwereka liu lomweli la Cingerezi, "racket", pochula msonkho umene gulu la Mafia limatenga kwa amalonda, umene m'cinenero cao amauchanso "pizzo". Mu mzinda wa Palermo munali munthu dzina lace Libero Grassi, mwini fakitale yosoka zobvala. Acifwamba atamuuza kuti alipire, iye anakana, ndipo sanakanire kuseri. Mu January 1991 analemba kalata m'nyuzipepala ya Giornale di Sicilia, kuuza omuopsezawo pamaso pa mzinda wonse kuti sadzalipira, ndipo pambuyo pace analankhulanso pa wailesi ya kanema. Amalonda anzace ambiri sanaime naye. Ena anamdzudzula kuti afuna kuchuka, ndi kuti acititsa manyazi mzinda wao poulutsa za m'nyumba. M'maso mwao wosokosa anali iyeyo, si acifwamba ai. M'mawa wa pa 29 August 1991 anaomberedwa pafupi ndi nyumba yace, nafa.

Ndalama zimene Grassi anamana acifwamba zinali zocepa poyerekeza ndi cuma cao. Cimene iwo anaopa cinali liu lace, pakuti likadaphunzitsa ena kukana. Ndipo cimene cinawalimbitsa mtima cinali cakuti iye anali yekha. Patapita zaka 13, mu June 2004, anthu a ku Palermo anadzuka napeza timapepala tomatidwa m'miseu ya mzinda wao, tonena kuti mtundu wa anthu olipira "pizzo" ulibe ulemu. Acinyamata amene anamata timapepalato anayambitsa bungwe la Addiopizzo, ndiko kuti kutsazika "pizzo". Anasonkhanitsa maina a amalonda okana kulipira, ndi maina a ogula olonjeza kugula kwa iwowo, nawalengeza poyera. Mafia sanathe ai, koma wokana sanalinso yekha, ndipo kupha mmodzi sikukadatha kutseka pakamwa pa mazana.

Kusiyana kwa phokoso ndi mfuu

Cinyanja cimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene khutu limazimva mofanana. Pali phokoso, limene m'matauni a Zambia ambiri amaliti congo, ndipo pali mfuu. Phokoso siliitana munthu ndipo silipempha kanthu, limangodzaza makutu. Mfuu ndiyo liu la munthu amene waona coopsa naitana anzace. M'midzi ya Acewa, Ansenga ndi Angoni, fisi akalowa m'khola, kapena nyumba ikagwira moto usiku, woyamba kuona amakuwa, ndipo mwamuna ali yense amatuluka ndi ciri conse cimene dzanja lace lakhudza. Amene wamva mfuu nafunda bulangeti amayang'anidwa ndi diso loipa kutaca, pakuti akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Angerezi akale naonso anali ndi mwambo womwewo, umene anaucha "hue and cry", ndipo anauika m'lamulo. Lamulo la ku Winchester la mu 1285, m'masiku a mfumu Edward I, linati umbala ukacitika anthu akuwe ndi kulondola mbalayo mudzi ndi mudzi, ndipo mbala ikapulumuka anthu a m'dera lonselo abweze zimene zinabedwa. Koma wokuwa mfuu yabodza nayenso anali kulangidwa. Cotero cinenero cimodzi comweco cinasunga maina awiri, lina la phokoso lobisa mbala, lina la phokoso logwira mbala.

Tsono kusiyana kwa ziwirizi sikuli m'kukula kwa liu. Mfuu ingathe kuposa phokoso la mbala, ndipo onse awiri, wakuba ndi wobedwa, angathe kukuwa mau amodzi-modzi. Kusiyana kwace kumadziwika pofunsa mafunso atatu.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi liuli litembenuzira kuti maso a anthu? Phokoso la mbala limacotsa maso pamene pali coipa, koma mfuu imawalozera pomwepo. Pa msonkhano wa mudzi, munthu akafunsidwa za ndalama za cigayo, iye nayamba kukalipa za mtundu wa wofunsayo, kapena za mlandu wa agogo ace, wacita comwe anacita anyamata a ndeu yabodza aja. Anthu amabwerera kwao atakhuta mau, osamva kumene ndalama zinapita.

Funso laciwiri ndi lakuti: kodi apindula ndani anthu ali m'kati mwa kumvera? Smedley Butler, mkulu wa asilikari a ku America amene anatumikira zaka zoposa 30, nalandira kawiri mendulo yaikulu koposa ya dziko lace, analemba kabuku mu 1935 kamene mutu wace unacha nkhondo kuti "racket". Mfundo yace inali yakuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene malipenga ndi ng'oma zinali kuitana anyamata kukafa, eni mafakitale owerengeka anali kuunjika phindu. Wina angatsutse kuti si nkhondo zonse ziri zotero, pakuti mtundu woukiridwa uyenera kudzichinjiriza, ndipo kutsutsa kumeneko kuli ndi maziko. Komabe funso la Butler liyenera kufunsidwa pa phokoso liri lonse lalikulu, la nkhondo, la ndale kapena la malonda.

Funso lacitatu ndi lakuti: kodi wofuulayo abvomera kufunsidwa phokoso litatha? Wokuwa mfuu yoona amaima pomwepo, nasonyeza mapazi a fisi ndi khola lothyoka. Grassi analemba dzina lace pansi pa kalata yace. Koma woyambitsa ndeu yabodza amasowa fumbi lisanatsike, ndipo woopseza amalonda kawiri-kawiri amalankhula pa lamya osachula dzina.

Zonena za okonda bata

Pali anthu anzeru amene sakhulupira kufuula kwa mtundu uli wonse, ndipo zonena zao siziyenera kunyozedwa. Coyamba amati kukhala cete ndiwo ulemu. Mwana woleredwa bwino sakweza mau pamaso pa akulu. Milandu yambiri imatha bwino pamene ankhoswe akambirana pansi-pansi. Ndipo ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Zonsezi nzoona. Koma kukhala cete kuli mitundu iwiri. Mfumu imakhala cete pabwalo kuti imve mbali zonse, ndipo kukhala cete kwace kumathera m'ciweruzo. Wamantha amakhala cete kuti mlandu usafike konse pabwalo, ndipo kukhala cete kwace kulibe cimariziro. Kwa woonera patali anthu awiriwa afanana, monganso wakuba ndi wobedwa afanana pofuula. Makolo amene anaphunzitsa ulemu ndi omwewo anati cete-cete sautsa nyama.

Caciwiri amati mfuu imapha. Apa ndipo pali cenjezo lolemera koposa. Pa msika kapena pa malo okwerera basi, wina akakuwa kuti "Wakuba!", khamu limagwira amene athamanga, ndipo nthawi zina munthu amafa ndi miyala asanafunsidwe dzina lace. Mbala yeniyeni imadziwa cimeneci, ndipo imakuwa nao pamodzi, niloza wina. M'midzi namonso nkhalamba zosalakwa zapitikitsidwa pa nyumba zao cifukwa liu lakuti "mfiti" linafuulidwa pa maliro. Coyenera kukumbukira ndi cakuti nchito ya mfuu ndiyo kuitana mboni ndi kufikitsa nkhani pabwalo. Kuweruza si nchito yace. Khamu limene limenya m'malo mofunsa lasandutsa mfuu kukhala phokoso la mbala, pakuti coona cabisika m'fumbi, ndipo wolakwa weniweni wapita kwao ali phee.

Cacitatu amati kufuula kuli ndi mtengo, ndipo amaloza manda a Grassi. Munthu ali ndi mkazi ndi ana. Kodi ndani ali ndi mphamvu yomlamula kuti aike moyo wace pa ngozi cifukwa ca mseu wonse? Kunena zoona, palibe. Wamalonda amene amalipira ali kunjenjemera ndiye wobedwa, ndipo kumtsutsa ngati mbala ndiko kumuonjezera katundu. Kulimba mtima konga kwa Grassi ndi mphatso imene anthu ayenera kuilemekeza, koma sangathe kuikhometsa ngati msonkho.

Komatu nkhani ya ku Palermo isonyeza pamene pali mlandu weniweni. Grassi anakuwa, ndipo anansi ace anamva. Cimene cinasowa cinali oyankha. Oipa koposa sanali iwo amene anaopa kukuwa, koma iwo amene atamva mfuu anaicha phokoso, nadzudzula wokuwayo kuti awasokoneza tulo. Mwambo wa kumudzi ndi lamulo la mu 1285 zinagwirizana pamenepa: katundu wolemera sizinamsenzetse woyamba kuona yekha, koma mudzi wonse umene wamva. Kukuwa coyamba kufuna mtima umene si onse ali nao. Kuyankha kufuna zocepa, ndiko kutuluka m'nyumba, kufunsa cimene cacitika, ndi kuima pafupi ndi mnzako kuti asakhale yekha. Acinyamata a Addiopizzo sanapemphe munthu kuti afe. Anangopempha ogula kuti alembetse maina ao ndi kugula buledi wao kwa wamalonda wokana kulipira.

Zotere sizicitika kutsidya kwa nyanja kokha. Kuli konse kumene kalaliki amafuna ciphuphu asanadinde kalata imene munthu ayenera kulandira kwaulere, kumene malo amodzi agulitsidwa kwa anthu awiri, kumene mankhwala a odwala atulukira khomo la kuseri, pamakhala anthu ambiri odziwa ndi ocepa olankhula. Tsiku lina mmodzi amatopa nakweza mau. Pamenepo oimirira pa mzere amayamba kuyang'ana pansi, ndipo wina amanong'oneza mnzace kuti munthuyu ngwaphokoso, alibe mwambo, acedwetsa anthu. Liu lakuti "waphokoso" limacita nchito yomwe bomba linacita ku Chicago, ndiyo kuphunzitsa otsalawo kuti kukhala cete ndiko nzeru.

Cifukwa cace munthu akamva kufuula, asafulumire kuthamanga ndi mwala m'manja, ndiponso asafulumire kutseka citseko. Ayambe wafunsa kumene liulo liloza, amene apindula nalo, ndi ngati mwini liu alola kufunsidwa. Akapeza kuti ndi phokoso la mbala, agwire thumba lace nacenjeze anzace. Akapeza kuti ndi mfuu, atuluke, angakhale usiku uli wozizira ndipo khola lothyokalo si lace. Pakuti mbala imene yaona kuti mudzi suyankha mfuu imabwera kawiri, ndipo akulu sananame ponena kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.